Zokambirana: N'chifukwa chiyani mafumu a Roma ankamangira anthu wamba mabwalo, ngalande za madzi ndi malo osambira?

A Phiri:
Abale ndi alongo a pagulu lino, ndikupempha kuti tithandizane nzeru pa nkhani ya zomangamanga za Aroma akale. Tikaona zithunzi za mabwinja a mzinda wa Roma, zambiri mwa zinthu zikuluzikulu zimene zidakalipo ndi zimene zinkagwiritsidwa ntchito ndi anthu onse, monga bwalo la Colosseum, malo osambira a Caracalla, ngalande zobweretsa madzi mumzinda, misewu ndi misika. Komatu amene ankalamula kuti zinthu zimenezi zimangidwe anali mafumu osasankhidwa ndi anthu, ndipo ena mwa iwo ankapha munthu popanda wowafunsa. Funso langa ndi ili: munthu amene sakusowa voti ya wina aliyense, amenenso ali ndi asilikali ochuluka, n'chiyani chinkamukakamiza kuwononga chuma chambiri chotere pomangira amphawi posambira ndi pochezera? Kodi chinali chifundo, kudzitama, kapena mantha?

A Mwale:
Zikomo a Phiri. Ine ntchito yanga ndi yomanga, choncho ndiyamba ndi madzi, ndipo za mitima ya mafumu ndiwasiyira odziwa mbiri. Choyamba n'chakuti mwambo womangira anthu onse sunayambe ndi mafumu akuluakulu aja. Ngalande yoyamba yobweretsa madzi mu Roma, yotchedwa Aqua Appia, inamangidwa m'chaka cha 312 BC, pa nthawi imene dziko linkayendetsedwa ndi akuluakulu ochita kusankhidwa pamodzi ndi Seneti, bungwe la akuluakulu a dziko, ndipo amene anatsogolera ntchitoyo, Appius Claudius Caecus, ndi yemweyo amene anayambitsa msewu wa Via Appia wochokera ku Roma kupita ku Capua m'chaka chomwecho. Aqua Marcia, imene inayamba kumangidwa mu 144 BC, inkatenga madzi ozizira a kumapiri pa mtunda wa makilomita pafupifupi 91. Pomalizira pake mzindawu unadzakhala ndi ngalande zikuluzikulu 11.

Anthu ambiri akamva za ngalandezi amaganiza za milatho italiitali ya m'zithunzi, koma gawo lalikulu la ngalande zambiri linkadutsa pansi pa nthaka, ndipo mlatho ankaumanga pokhapokha pamene akumana ndi chigwa kapena pamene akufuna kuti madzi afike mumzinda ali pamwamba. Panalibe injini yokankha madzi. Ankayenda okha chifukwa ngalandeyo inkatsetsereka pang'onopang'ono kuchokera ku kasupe mpaka kumzinda. Amene anakumbapo ngalande ya mthirira kudimba akudziwa kuti ukatsetsereza kwambiri madzi amagumula m'mbali, ukapanda kutsetsereza amaima n'kusiya matope. Tsono taganizirani ngalande yopita ku mzinda wa Nîmes ku France, imene imadutsa pa mlatho wa Pont du Gard. Kutalika kwake ndi makilomita pafupifupi 50, koma kuchokera poyambira kufika pothera inatsika ndi mamita osakwana 13. Anthu amene anayeza zimenezo ndi zingwe, mitengo ndi thabwa la madzi sanali ongoyerekeza.

Mayi Nabanda:
Bambo Mwale anena zoona, ndipo pamene anenapo ndi pamene pagona yankho la funso la a Phiri. Pa nthawi imene Roma inalibe mfumu, kuyambira cha mu 509 BC, mabanja olemera ankapikisana pa maudindo, ndipo njira yodziwika yokopera ovota inali kuwakonzera masewero kapena kuwamangira chinthu chooneka ndi maso chimene chinkatchedwa dzina la womangayo. Kazembe wankhondo akapambana, ankapatula gawo la zimene walanda n'kumanga kachisi kapena khonde lalikulu loti anthu azipumirapo. A m'Seneti ankadziwa kuti munthu amene wamanga malo osonkhanirapo chikhamu wapeza mphamvu, moti kwa zaka zambiri sankalola kuti mu Roma mukhale bwalo la zisudzo la miyala. Mabwalo ankakhala a matabwa, ndipo masewero akatha ankawaphwasula. M'zaka za m'ma 150 BC bwalo lina la miyala linayamba kumangidwa, koma Seneti inalamula kuti ligwetsedwe. Loyamba lokhazikika analimanga ndi kazembe wankhondo Pompey mu 55 BC, ndipo anachenjera poika kachisi wa mulungu wamkazi Venus pamwamba pa mipando kuti azinena kuti mipandoyo ndi masitepe okwerera kukachisi. M'nyumba ya misonkhano ya pamalo omwewo ndi mmene Julius Caesar anaphedwera pa 15 Malichi 44 BC.

Augustus, woyamba mwa mafumu akuluakulu aja, atagonjetsa anzake onse n'kutsala yekha, sanathetse mpikisanowu ndi lamulo lolengezedwa, koma anatseka khomo pang'onopang'ono mpaka ntchito zikuluzikulu za mu Roma zinatsala m'manja mwa iye ndi a m'banja mwake. Iye mwini analemba kuti m'chaka cha 28 BC anakonzanso akachisi 82 mumzindawo. Nkhani imene imaonetsa bwino mmene zinthu zinasinthira ndi ya Egnatius Rufus. Munthu ameneyu ali pa udindo woyang'anira misewu ndi misika, anasonkhanitsa akapolo ake n'kupanga gulu lozimitsa moto, ndipo anthu anamukonda kwambiri moti anamukweza msanga pa udindo wina. Atafuna kuimira udindo waukulu wa konsulo mu 19 BC, anamukaniza, kenako anamuimba mlandu wofuna kupha Augustus n'kumupha. Patapita zaka, mu 6 AD, Augustus anakhazikitsa gulu lake lozimitsa moto lokhala ndi magulu 7 oyang'anira zigawo 14 za mzinda. Ntchito inali yomweyo, koma tsopano woyamikiridwa anali mmodzi yekha.

Taonaninso zimene zinachitikira malo ovotera. Saepta Julia anali malo aakulu otchingidwa ndi miyala ya mabo amene Caesar anakonza kuti anthu azivoteramo, ndipo Agrippa, mnzake wapamtima wa Augustus, anawamaliza mu 26 BC. Pasanapite nthawi yaitali m'malo omwewo munayamba kuchitika masewero a anthu omenyana ndi malupanga, ndipo pambuyo pake munasanduka msika wa zinthu zodula. Mu 14 AD Tiberius, amene analowa ufumu wa Augustus, anasamutsira zisankho za maudindo akuluakulu ku Seneti. Ine ndimaona kuti anthu a mu Roma anawalanda voti n'kuwapatsa mpando m'bwalo la masewero, ndipo mfumu iliyonse inkadziwa kuti pangano limeneli, ngakhale silinalembedwe paliponse, likaphwanyidwa pamakhala mavuto.

A Phiri:
Mayi Nabanda, mfundo yanu ndaimva, koma ikundisiya ndi funso lina. Ngati anthuwo analibenso voti ndipo analibe zida, mfumu inkawaopa chiyani? Ine ndinkaganiza kuti amene ankagwetsa mafumu a Roma anali asilikali ndi anthu a m'nyumba yachifumu momwemo.

Mayi Nabanda:
N'zoona kuti ambiri mwa mafumu amene anafa imfa yoipa anaphedwa ndi asilikali kapena anthu apafupi nawo, koma ochita chiwembuwo ankayamba ayang'ana ngati mzinda ukuikonda mfumuyo kapena watopa nayo. Kumbukirani kuti pa nthawi ya Augustus mu Roma munali anthu pafupifupi 1,000,000, othithikana pamalo ang'onoang'ono, ndipo chakudya chawo chinkabwera pa zombo kuchokera ku Egypt ndi kumpoto kwa Africa. Amuna pafupifupi 200,000 ankalandira tirigu waulere mwezi ndi mwezi. Zombo zikachedwa, mfumu inkamva m'thupi. Mu 51 AD, tirigu wotsala m'nkhokwe atangokwana masiku 15, chikhamu chinazinga mfumu Claudius pabwalo lalikulu la Forum n'kumamutukwana ndi kumugenda ndi nyenyeswa za buledi, moti anapulumukira pa khomo lakuseri la nyumba yachifumu. Pambuyo pake analonjeza eni zombo kuti boma lizibweza zimene ataya ngati chombo chamira ndi namondwe, n'cholinga choti azibweretsa tirigu ngakhale m'nyengo yoipa.

Bwalo la masewero linali malo okhawo amene anthu zikwizikwi ankaonana maso ndi maso ndi mfumu n'kufuula pamodzi zimene akufuna: kuti msonkho utsike, kuti wakutiwakuti akhululukidwe, kapena kuti nduna ina ichotsedwe. Cha mu 190 AD, pa nthawi ya njala, anthu amene ankaonera mpikisano wa magaleta ku Circus Maximus, bwalo limene linkalowa anthu oposa 150,000, anayamba kufuula dzina la Cleander, yemwe anali kapolo womasulidwa ndipo ankayendetsa boma m'malo mwa mfumu Commodus. Anatuluka m'bwalomo n'kulunjika kumene mfumu inali, asilikali a pa akavalo analephera kuwabweza, ndipo Commodus anadula mutu wa Cleander n'kuupereka kwa anthuwo. Choncho mantha analipo, a Phiri, ndipo sanali opanda chifukwa.

Abusa Gama:
Ana anga, mwakamba za womanga ndi womangiridwa, koma simunatchule wolipira. Ife owerenga Baibulo timawadziwa Aroma kuchokera kumbali ya anthu olamulidwa, ndipo ndikufuna kuti mbali imeneyo isasowe m'zokambiranazi. Mu 70 AD Titus, mwana wa mfumu Vespasian, anagonjetsa Jerusalem n'kuwononga kachisi. Pa chipata chachikumbutso cha Titus, chimene chidakaima pafupi ndi Forum, pali chithunzi chozokotedwa cha asilikali atasenza choikapo nyale cha nthambi 7 chochokera m'kachisimo. Ntchito yomanga Colosseum inayamba patangopita zaka zochepa, ndipo Titus anatsegulira bwaloli mu 80 AD ndi masewero a masiku 100. Akatswiri atafufuza timabowo ta misomali timene tinkagwira zilembo zamkuwa pa mwala wina wa pabwalopo, anapeza kuti mawuwo ankanena kuti bwalolo linamangidwa ndi chuma cholanda kunkhondo. Nkhondo yaikulu ya m'zaka zimenezo inali ya ku Judea.

Chimodzimodzinso mfumu Trajan. Bwalo lake lalikulu la Forum, limene linatsegulidwa mu 112 AD, ndi chipilala chake cha mu 113 AD, zinalipiridwa ndi golide wa ku Dacia, dziko limene lero ndi Romania, ndipo pa chipilalacho anazokotapo nkhondo yomweyo, midzi ikutenthedwa ndi anthu akusamutsidwa. Munthu wa mu Roma ankasamba motchipa ndi kuonera masewero kwaulere chifukwa chakuti kwinakwake kunali mtundu wa anthu umene unalandidwa. Ndamvanso ena akunena kuti akaidi Achiyuda ndi amene anamanga Colosseum ndi manja awo.

A Mwale:
Abusa, pa za ndalama ndikugwirizana nanu kotheratu, koma pa za akaidi ndikupempha kuti tisamale, pakuti kutsutsa galu n'kukumba. Wolemba mbiri Josephus ananena kuti anthu 97,000 anagwidwa ukapolo pa nkhondo imeneyo, ndipo n'zotheka kuti ena anasenza miyala mu Roma, koma zolemba zakale sizinena kuti iwo ndi amene anamanga bwaloli. Ntchito ya mtundu umenewu inkafuna amisiri odziwa kusema miyala, kuwotcha njerwa, kupala matabwa ochirikiza makhoma opindika, ndi kusula zitsulo, ndipo amisiri otere, ena mfulu, ena akapolo, ena omasulidwa, ankagwira ntchito pansi pa makontirakitala. Anthu osauka a mumzinda nawonso ankadalira maganyu a pamalo omanga. Wolemba mbiri Suetonius analemba kuti mmisiri wina atabweretsa kwa Vespasian njira yonyamulira zipilala zolemera motchipa, mfumuyo inamupatsa mphoto koma inakana kugwiritsa ntchito njirayo, inati aisiye idyetse anthu ake. Zimenezi zikutiuza kuti kumanga kunalinso njira yoikira ndalama m'manja mwa amphawi.

Malo amene anasankha nawonso anali uthenga. Moto waukulu wa mu 64 AD utatha, mfumu Nero inatenga dera lalikulu la pakati pa mzinda n'kumangapo nyumba yake yotchedwa Domus Aurea, yokhala ndi minda ndi nyanja yochita kukumba. Vespasian, amene sanali wa banja lachifumu ndipo anapata ufumu pa nkhondo yapachiweniweni ya mu 69 AD, anaumitsa nyanja ija n'kumanga bwalo la anthu onse pamalo omwewo. Kumanga chinthu cholemera chotere padambo si masewera, moti anathira maziko a konkire okuya mamita oposa 12. Bwaloli ndi la mamita 189 m'litali, 156 m'lifupi ndi 48 kupita m'mwamba, miyala yake yakunja anaitenga ku Tivoli, ndipo linali ndi makomo 80, ambiri mwa iwo okhala ndi manambala kuti munthu adziwe polowera. Anthu pafupifupi 50,000 ankatha kulowa ndi kutuluka popanda kupondana, ndipo chinsalu chachikulu chotchinga dzuwa ankachikoka ndi amalinyero a zombo zankhondo za ku Misenum.

Achemwali Nangozo:
Ine ndikufuna kufunsa kuti anthu amenewa akatuluka m'mabwalo okongolawo ankapita kukagona kuti, chifukwa pamenepo nkhani ya chifundo cha mafumu imayamba kuzilala. Ambiri ankachita lendi m'nyumba zosanjikizana, ndipo mosiyana ndi masiku ano, wolemera ankakhala pansi, wosauka n'kumakwera masitepe kupita kuzipinda zapamwamba zimene zinali zopanikiza, zopanda madzi ndi zopanda chimbudzi. Ankaphika ndi kuwotha pa mbaula m'nyumba zokhala ndi matabwa ambiri, n'chifukwa chake moto unali wosatha. Wa mu 64 AD unasiya zigawo 4 zokha mwa 14 zisanakhudzidwe. Augustus analamula kuti nyumba zisapitirire mamita pafupifupi 21, ndipo Trajan anatsitsanso malirewo, umboni wakuti eni nyumba ankangosanjikiza kuti lendi ichuluke. Cicero, yemwe anali mwini nyumba zalendi, analembera mnzake moseka kuti mashopu ake awiri agwa ndipo ena ang'ambika, moti athawamo si alendi okha komanso mbewa. Usiku tulo linali losowa chifukwa ngolo zambiri zinkaloledwa kuyenda mumzinda dzuwa likalowa.

Tikaona zimenezi, malo osambira ndi makonde aja sanali zinthu zongosangalatsa. Munthu wopanda bafa ndi pokhala ankakhala moyo wake wamasana kunja: kutunga madzi pa kasupe wa mumsewu, kusamba madzulo polipira kandalama kakang'ono kwambiri, kumva nkhani ndi kufunafuna ganyu komweko. Boma silinamumangire nyumba yabwino, linamumangira poti athawireko. Ndipo ngakhale m'bwalo la masewero anthu sankakhala mofanana. Maseneta ankakhala kutsogolo, olemera ena pambuyo pawo, kenako nzika wamba, ndipo amayi ankawakweza pamwamba penipeni pamodzi ndi osaukitsitsa, kupatula ansembe aakazi a Vesta amene anali ndi malo aulemu. Aliyense akakhala pansi ankaona ndi maso ake kuti iye ndi wotani m'dzikomo.

A Chisale:
Ndikuona kuti tonse tatsamira mbali imodzi, ngati kuti wolamulira aliyense wa Roma ankangowerengera phindu lake. Ine sindikuvomereza kufika pamenepo. Agrippa anali atakhalapo kale konsulo, koma mu 33 BC analolera kutenga udindo wotsika kuti akonze ngalande zamadzi ndi zonyansa, mpaka anayenda pa bwato m'ngalande ya Cloaca Maxima kuti aone yekha mmene ilili. Anamanga Aqua Virgo mu 19 BC, imene mpaka lero madzi ake amatulukira pa kasupe wa Trevi, ndipo pomwalira anasiya akapolo 240 odziwa ntchito ya madzi, amene Augustus anawapereka kuboma. Frontinus, atapatsidwa udindo woyang'anira madzi mu 97 AD, anayeza madzi olowa ndi otuluka m'ngalande iliyonse, n'kupeza kuti ambiri ankabedwa ndi anthu oboola mapaipi mogwirizana ndi ogwira ntchito, ndipo analemba zonsezo mosabisa. Munthu wongofuna kutchuka sataya nthawi kuwerenga kukula kwa mapaipi a mtovu. Nanga mfumu Hadrian, amene anamanganso kachisi yense wa Pantheon koma n'kusiya dzina la Agrippa pakhomo pake m'malo moika lake, tinene kuti ankafuna chiyani?

A Mwale:
Popeza a Chisale atchula Pantheon, ndiloleni ndiimepo pang'ono, chifukwa kwa ife omanga nyumba imeneyi ndi sukulu payokha. Inamalizidwa cha m'ma 125 AD, ndipo denga lake lozungulira ndi lotambalala mamita 43.3, kutalika kwake kuchokera pansi kufika pamwamba n'chimodzimodzinso. Mulibe chitsulo chilichonse cholimbitsa konkire, koma mpaka lero palibe denga lina la konkire yopanda zitsulo limene laliposa kukula. Konkire yawo sankaithira ngati phala mmene timachitira ife. Ankasakaniza laimu ndi phulusa la mapiri ophulika, n'kumayala miyala yokula ngati chibakera m'mizere, kuthira matope aja ndi kutsendera, pakati pa makhoma awiri a njerwa. Pa denga la Pantheon anasintha miyala malinga ndi msinkhu: yolemera m'munsi, zidutswa za njerwa pakati, ndipo pamwamba miyala yopepuka ya timabowotimabowo. Dengalo ndi lochindikala mamita opitirira 6 m'munsi koma limapyapyala kufika pa mita imodzi ndi pang'ono pamwamba, ndipo pamene pakanakhala polemera kwambiri anasiyapo bowo lotambalala mamita pafupifupi 9, limene ndi zenera lokhalo la nyumbayo. Mvula imalowa ndithu, ndipo pansi pali timabowo totulutsira madzi. Zipilala 16 za pakhonde, chilichonse mwala umodzi wa matani pafupifupi 60, anazisema ku Egypt n'kuzitsitsa mu mtsinje wa Nile ndi kuziwolotsa nyanja.

Phulusa labwino kwambiri linkachokera ku Puteoli, pafupi ndi Naples, ndipo konkire yake inkauma ngakhale m'madzi a m'nyanja. Herod pomanga doko la Caesarea anaitanitsa phulusa limeneli kuchokera ku Italy pa zombo.

Abusa Gama:
Puteoli ameneyo ndi doko lomwe mtumwi Paulo anatsikirapo popita ku Roma ali mkaidi, atakwera chombo cha ku Alexandria, ndipo abale anakamuchingamira pa Bwalo la Appius, pa msewu uja mwautchula poyamba. Anayambira ulendowo ku Caesarea komweko. Ndimaona kuti madoko ndi misewu zimene anamangira tirigu ndi asilikali zinanyamulanso zinthu zimene eni ake sanaziganizire. Pantheon nayo inapulumuka chifukwa mu 609 AD inasandutsidwa tchalitchi, pamene Colosseum anthu ankaigumula n'kumatengako miyala yomangira nyumba zina, makamaka chivomezi cha mu 1349 chitagwetsa mbali yake yakumwera.

Mayi Nabanda:
A Chisale, sindikukana kuti panali anthu okonda ntchito yawo, ndipo Frontinus ndi mmodzi wa iwo. Koma za Hadrian ndikuona mosiyana. Ufumu wake unayamba mu 117 AD ndi mphekesera zakuti Trajan sanamusankhe, ndiponso ndi imfa ya maseneta akuluakulu 4 amene anaphedwa popanda mlandu woweruzidwa bwino. Munthu wotere ankapindula kwambiri poonedwa ngati wolemekeza nthawi ya Augustus kusiyana ndi kulemba dzina lake pakhoma, makamaka popeza anthu anali asanaiwale mfumu Domitian, amene ankakonza nyumba zakale n'kulembapo dzina lake lokha, ndipo ataphedwa mu 96 AD Seneti inalamula kuti dzinalo lifufutidwe paliponse. Mu Roma aliyense ankadziwa amene wamanga Pantheon yatsopanoyo. Kudzichepetsa kwa mtundu umenewo kunkaonedwa ndi mzinda wonse. Agrippa nayenso ankakonza ngalande mu 33 BC, pamene nkhondo ya pakati pa Octavian (amene anadzatchedwa Augustus) ndi Mark Antony inali pafupi, ndipo mbali yake inkafunitsitsa kuti anthu a mumzinda aikonde. Madzi anali enieni ndipo anthu anamwa, koma nthawi imene anafikira sinali yangozi.

A Tembo:
Takhalitsa mu Roma, pamene ufumuwo unali ndi mizinda yambirimbiri, ndipo ina mwa yosungika bwino ili mu Africa muno. Kumizinda imeneyo mfumu sinkamanga zambiri. Omanga anali olemera a komweko, amene ankapikisanabe mmene zinkachitikira mu Roma kale. Ku Lepcis Magna, m'dziko la Libya, msika ndi bwalo la zisudzo anazimanga ndi Annobal Tapapius Rufus pa nthawi ya Augustus, ndipo analembapo m'Chilatini ndi m'chinenero cha makolo ake cha Chipuniki. Mumzinda womwewo munabadwira Septimius Severus mu 145 AD, amene anakhala mfumu ya Roma kuyambira 193 mpaka anamwalira ku York mu 211, ndipo sanaiwale kwawo: anamangako bwalo latsopano, nyumba yaikulu ya milandu, msewu wa zipilala ndi doko lokonzedwanso. Ku Algeria kuli Timgad, mzinda umene Trajan anaukhazikitsa mu 100 AD kuti mukhale asilikali opuma, wa misewu yodulana molunjika, wokhala ndi laibulale yake. Ku Tunisia kuli bwalo la El Djem lolowa anthu pafupifupi 35,000, m'dera limene linalemera ndi mafuta a maolivi, komanso ngalande ya makilomita 132 yochokera ku Zaghouan kupita ku Carthage.

Zisankho nazo sizinafe kulikonse. Ku Pompeii, mzinda umene unakwiririka ndi phiri la Vesuvius mu 79 AD, pa makoma papezeka mauthenga okopa anthu oposa 2,000, olembedwa ndi utoto, mmene ophika buledi, ochapa nsalu ndi oyendetsa nyulu ankapempha anthu kuti avotere wakutiwakuti. Amayi sankavota, koma mayina awo amapezeka pa mauthengawo, ndipo imodzi mwa nyumba zikuluzikulu za pabwalo la mzindawo inamangidwa ndi mayi wina wansembe dzina lake Eumachia ndi ndalama zake.

A Mwale:
Mpikisano wa kumizinda umenewo unkabalanso ntchito zosalongosoka, ndipo ndi bwino kuzitchula, chifukwa zimene tikuona lero ndi zokhazo zimene zinalimba. Mu 27 AD ku Fidenae, pafupi ndi Roma, munthu wina dzina lake Atilius anamanga bwalo la matabwa pofuna phindu, maziko osalimba ndi matabwa osalumikizidwa bwino, ndipo linagwa litadzaza anthu. Suetonius ananena kuti anafa oposa 20,000. Seneti inalamula kuti munthu wa chuma chosakwana masesitesi (ndalama za Aroma) 400,000 asakonzenso masewero otere, ndiponso kuti nthaka iziyesedwa bwalo lisanamangidwe. Ku Saldae, kumene lero ndi Béjaïa ku Algeria, anthu anakumba phiri kuchokera mbali ziwiri kuti madzi adutse, koma magulu awiriwo anasemphana mkati mwa phiri, moti anaitanitsanso woyeza malo wa asilikali, Nonius Datus, amene anafika atavulazidwa ndi kulandidwa zovala ndi achifwamba panjira, n'kukonza cholakwikacho. Nkhaniyi anailembetsa yekha pamwala.

Achemwali Nangozo:
Tsono mfumu inkachita chiyani ndalama za mzinda zikalowa m'madzi chotero? Kodi inkangoyang'ana, popeza si mu Roma?

Mayi Nabanda:
Sinkangoyang'ana, achemwali, ndipo makalata a pakati pa Trajan ndi Pliny, amene anamutuma kukayang'anira chigawo cha Bithynia cha m'ma 110 AD, amaonetsa zimenezi. Pliny anapeza kuti anthu a ku Nicomedia anawononga masesitesi oposa 3,000,000 pa ngalande imene inasiyidwa yosatha, kenako 200,000 pa ina imene inasiyidwanso, mzinda n'kukhalabe wopanda madzi okwanira. Trajan anayankha kuti madzi afike ndithu, koma Pliny afufuze kuti ndani anachititsa kuti ndalamazo zitayike, chifukwa ankakayikira kuti anthu ankakonderana pa ntchitoyo. Ku Nicaea bwalo la zisudzo linali litang'ambika lisanathe n'komwe.

Koma kalata imene ikugwirizana ndi nkhani ya Egnatius Rufus ndi ina. Moto utawononga nyumba zambiri ku Nicomedia komweko, anthu atangoima n'kumaonerera popanda ndowa kapena chopopera madzi, Pliny anapempha chilolezo chokhazikitsa gulu la amisiri 150 ozimitsa moto, n'kulonjeza kuti aziliyang'anira yekha. Trajan anakana. Anati mizinda ya m'chigawo chimenecho inavutikapo kale ndi magulu otere, ndipo kaya gulu lipatsidwe dzina lanji, anthu akasonkhana posakhalitsa limasanduka la ndale. Analangiza kuti agule zipangizo zozimitsira moto, alimbikitse eni nyumba kuzigwiritsa ntchito okha, ndipo zikavuta aziitana anthu amene asonkhana pamalopo kuti athandize.